Amuna Anga Munawalemba Vuto

Aphunzitsi anu andevu aja anapachika chithunzi cha malemu amuna anga pakhoma la holo ya koleji yanu, ali pandowa, buluku lili m'maondo, ndipo pansi pake analemba ndi zilembo zofiira kuti VUTO. Ndayamba ndi chimenechi kuti musadzanamizire kuti simunamve, inu akuluakulu a koleji ya zopangapanga, amene mumasindikiza magazini yodzitamandira ija. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma mawu amenewo ndimatha kuwawerenga.

Amuna anga anali ometa. Shopu yawo inali yaing'ono, galasi limodzi, mpando umodzi, wailesi pashelefu, koma munthu akatulukamo ankayenda ngati wakwezedwa pantchito. Malaya osasita sankawavala. Ngakhale pokataya zinyalala ankapisira. Sitiroko itawagwetsa, mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu onse anathawa kupatula amodzi okha, akuti "ayi". Kuchimbudzi sakanatha kufika, ndiye ndinaboola mpando wapulasitiki ndi mpeni wamoto n'kuika ndowa pansi pake. Ndikamawakhazika ndinkatseka chitseko, wailesi n'kuikweza kuti anyumba ina asamve. Iwo ankatsinzina. Sitinkayang'anana.

Mzime wanga, mtsikana, amaphunzira pa koleji yanuyo. Ndiye anabwera nayo nkhani.

"Amayi, gulu lathu lapatsidwa ntchito yopanga chinthu chothandiza wodwala. Aphunzitsi akuti tiyambe taona kaye ndi maso athu mmene zimakhalira. Adadi tiwapangira mpando weniweni, wamatayala, wosavuta kutsuka."

"Mpandowo udzakhala wawo?"

"Woyamba kutuluka ndi wawo, amayi."

Akanakana ndani? Msana wanga unali utatheratu ndi kunyamula munthu wamkulu.

Anabwera aphunzitsiwo, ndevu mpaka pachifuwa, ndi ana a gulu lija m'mbuyo mwawo. Amuna anga atawaona anakweza dzanja lamoyo lija n'kumatsegula ndi kutseka zala ziwiri ngati sizasi. Tonse tinafa nako kuseka.

"Akuti ndevuzo zasowa mwini," ndinamasulira.

"Muchire msanga, bambo," anatero aphunzitsi, "ine ndidzakhala woyamba pampando wanu."

Amuna anga anaseka ndi kamwa yopotokayo. Chidwalireni ndinali ndisanawaone akuseka, moti alendowo ndinawakonda. Anayeza ndi tepi m'chiuno, ntchafu, bedi, ngakhale chitseko. Kenako aphunzitsi anati akufuna aone mmene ndimawakhazikira.

"Pamaso pa ana aakaziwa?"

"Ndi za maphunziro chabe, mayi. Kwa ife zili ngati kuchipatala."

"Amayi, musatichedwetse," anatero mwana wanga.

Ndinawerama, ndinawakumbatira m'khwapa, ndinawanyamula. Alendo anali kumbuyo kwanga. Ndikutsitsa buluku amuna anga anayamba kukuwa, "Ayi! Ayi! Ayi!" maso ali kuseri kwa phewa langa. Ndinamva aphunzitsi akufunsa mwana wanga chapansipansi, "Paja unati amangoti ayi pa chilichonse, eti?" Chimene amuna anga ankaona ine sindinkachiona. Inali kamera.

Miyezi inadutsa. Ndikafunsa za mpando, akuti tikuuyesa kaye. Ndikafunsanso, akuti tikusintha matayala. Amuna anga anamwalira nthawi ya mvula, mpando wawo ukadali wapulasitiki uja.

Tsiku lina mwana wanga anabwera akudumpha. "Amayi, mpando wawina mphoto! Akufuna mubwere ku chionetsero, mukakhala kutsogolo penipeni."

Ndinavala diresi yanga yabwino. Mu holomo munali zodabwitsa: nyale zopangidwa ndi mabotolo, madiresi ovekedwa zidole zopanda mitu, makapu ooneka ngati anagwa asanaume. Atsikana ankagawa zakumwa m'timatambula ting'onoting'ono ngati ta mankhwala. Ndinkayenda ndikumwetulira ngati chitsiru, mpaka ndinafika pakhoma lija.

Chithunzicho n'chachitali kuposa chitseko. Amuna anga, miyendo yowonda ngati ndodo, pakamwa yasaa. Msana wanga ulipo, ndi diresi yong'ambika m'khwapa. Ndowa ikuoneka bwino kuposa tonse. Pamaso pawo anadutsitsa kachingwe kakuda. Pambali pake, pansanja yoyala kapeti, panali mpando wonyezimira, ndipo pamwamba pake analemba ndi zilembo zobiriwira kuti YANKHO.

Anthu ankajambula ndi mafoni. Mayi wina wonunkhira mafuta odula anagwira pachifuwa. "Koma anthu amakhala chonchi ndithu?" Dalaivala wina amene anabweretsa mabwana, kasitomala wakale wa kushopu, anayandikira n'kupendeketsa mutu. "Iii, si ometa athu aja awa? Galasi lili pakhomalo ndi lawo ndithu!"

Ndinamugwira mwana wanga pamkono. "Ichi n'chiyani?"

"Amayi, chonde, osati pano. Maso tinawaphimba, palibe angawadziwe."

"Mwaphimba maso, matako mwasiya poyera. Iwe bambo ako ankabisa maso?"

Aphunzitsi anatulukira, manja ali tambasu. "Mayi athu afika! Mwachiona? Ife timayamba ndi vuto, kenako yankho, ndiye dongosolo la ntchito yathu. Popanda chithunzichi oweruza sakanamva kanthu mumtima. Mpando pawokha ndi mpando basi. Bambo athandiza anthu ambiri."

"Anakuuzani kuti ayi."

"Aa, mayi, nanga akanati chiyani china?" Anaseka, n'kundisisita paphewa ngati mwana wodwala.

Nthawi yomweyo anandiitana pamaikolofoni. Manja a anthu anandikankhira kunsanja. Kumeneko kunali bambo wina wamimba yaikulu, akuti anaphunzira pa koleji yomweyo kale, pano ali ndi fakitale yakeyake. Anayankhula nthawi yaitali za mmene kolejiyi inamulerera, ndi mmene fakitale yake ipangire mipando yotereyi yambirimbiri. Kenako anyamata anakankha mpando wina womanga riboni yofiira.

"Lonjezo ndi lonjezo," anatero. "Woyamba tikupereka kwa mayiwa. Bambo akakhalepo lero lomwe!"

M'manja munawombedwa mpaka holo kugwedezeka. Anandigwiritsa mpandowo n'kundiikira maikolofoni pakamwa kuti ndithokoze.

"Bambo ali kumanda," ndinatero. "Ndikakhazikepo ndani?"

Wamimbayo anayang'ana aphunzitsi, aphunzitsi anayang'ana denga. Aphunzitsiwo anali akudziwa, chifukwa mwana wanga anajomba sukulu nthawi ya maliro. Wina anazimitsa maikolofoni, nyimbo inayamba kulira. Wamimbayo anawerama n'kundinong'oneza, akumwetulirabe chifukwa cha makamera, "Ingoulandirani, mayi, tonsefe tikukalamba."

Ndinatsika, ndinapita pakhoma paja, ndinagwira chithunzicho m'mphepete n'kuyamba kukoka. Anachikhomera ndi misomali yamphamvu kuposa zikhadabo zanga. Alonda anandinyamula m'khwapa, mmene ndinkanyamulira amuna anga, n'kukanditula panja pa geti. Mpando unandilondola madzulo pa galimoto ya koleji, riboni ikadalipo.

Magazini yanu yatuluka sabata yatha. Tsamba loyamba, aphunzitsi atanyamula chikho, ndevu atazipesa. Tsamba lachiwiri, ana a gulu lija ndi wamimba uja. Tsamba lachitatu ndine, nditagwira mpando, nkhope itanyowa, ndipo pansi mwalemba kuti, "Mayi akulira ndi chimwemwe." Amene analemba mawu amenewo ndikufuna ndimuone nkhope.

Chithunzi chija chinadumpha mpanda wa koleji kalekale, chili m'mafoni a msewu wathu wonse. Wogulitsa makala amandiyang'ana n'kutembenuka. Ana akandiona ndi ndowa ya madzi amakuwa, "Mayi Vuto! Mayi Vuto!" n'kuthawa. Mlamu wanga, mng'ono wa malemu, anabwera kudzaima pakhomo osalowa, n'kuti, "Alamu, achimwene munawagulitsa ali moyo."

Ndinapita ku ofesi ya aphunzitsi aja. Anandipatsa mpando, ndinakana. Anati mpando wa gulu lija ukupita ku mpikisano waukulu kunja kwa dziko mwezi wamawa, chithunzi chikupita nawo, ndipo mwana wanga ndiye akayankhule m'malo mwa anzake.

"Oweruza anasankha zonse pamodzi, mayi. Mukanena kuti chitsike, chitsika, sitikakamiza munthu. Koma gulu lonse lichotsedwa, ndipo mukamuuze nokha mwana wanu kuti ulendo wake mwaupha ndinu."

Ndinakamuuza. Anali akusita bulauzi. Sanakweze mutu.

"Amayi, adadi anapita. Ine ndikadali moyo."

"Ndi amene anakulipirira sukulu ndi sizasi, iwe."

"Ndiye mukufuna thukuta lawolo lipite pachabe?"

Anapinda zovala zake n'kupita kukakhala kwa mnzake. Foni yanga sakuyankha. Ndatsala ndekha m'chipinda ndi mpando wanu, umene sukwana n'komwe pakati pa bedi ndi khoma pokhapokha nditachotsa tebulo.

Tsono mverani, akuluakulu. Ndikuti chitsike. Amuna anga sakwera ndege alibe buluku. Koma mwana wanga sanagwire kamera, sanalembe zilembo zofiirazo, anangokhulupirira aphunzitsi ake ngati mmene ndinachitira ine. Ngati mpando wanu sungawine popanda maliseche a munthu wakufa, jambulani a aphunzitsi anuwo, ali moyo, angathe kuvomera. Musanditumizire maluwa, musanditumizire mwana wanga kudzandinyengerera. Mundiyankhe patsamba lomwe lija munandinamizira chimwemwe. Chithunzicho chitsika liti, achitsitsa ndani, ndipo n'chifukwa chiyani wolangidwa akhale mwana wanga? Ndiyankheni.