Chikumbu cha m'Mango a Naima

Naima anali atatha masiku makumi asanu ndi awiri asanatuluke kumpanda. Mwamuna wake Hafiz anamwalira mu Ogasiti, ndipo mwambo wa eda umati mkazi wamasiye abindikire pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi. Kumsika ayi, kumunda ayi. Chomuwawa kwambiri chinali munda. Kutsidya kwa dambo kunali mitengo khumi ndi inayi ya mango okwatitsa imene Hafiz anabzala, n'kumaithirira ndi ndowa zaka zinayi. Ana awo awiri anawasiyira chiyaninso china?

Lachitatu m'mawa anabwera amalume ake, a Jaffalie, munthu woti akaganiza chinthu ngakhale mvula siimubweza. Anaponya kanthu m'beseni lopanda madzi.

"Taona ichi. Mtengo wanu wa kumapeto wauma, patsinde pali utuchi wokhawokha. Ichi ndachigwira chikutuluka pabowo. Mango anga ali pafupi pomwepo. Loweruka ndidula yonse n'kuitentha, matendawa asandilowere."

"Yonse, amalume? Chifukwa cha mtengo umodzi?"

"Iwe uli m'nyumba, suona. Ife oyenda ndi amene tikuona."

Atapita, Naima anachiyang'anitsitsa. Chinali chikumbu chachitali ngati chala chamkombaphala, chotuwa ngati phulusa, cha mawanga achikasu pamapiko ake olimba. Pakhosi chinali ndi minga iwiri, uku ndi uku. Koma nyanga zake! Zinali zazitali kuposa thupi lonse, zamfundomfundo ngati bango, zopindikira kumbuyo. Atachikhudza ndi kamtengo chinalira kuti tswii, n'kumazungulira m'beseni, kukwera n'kuterereka, kukwera n'kuterereka. Naima anachimvera chisoni, ngakhale chinali mdani.

Anaimbira foni mayi Rachael, alangizi a zaulimi a ku Katuli. Kafoni kake kanali kamabatani, kosajambula, ndiye anangofotokoza pakamwa.

"Mayi, zikumbu za nyanga zazitalizi ndi banja lalikulu, mitundu yake ndi yosawerengeka," anatero alangiziwo. "Zina mphutsi zake zimaboola mtengo wamoyo. Zina zimangobwera pamtengo woti unafa kale ndi zina. Timazisiyanitsa poona nyangazo, minga ya pakhosi, miyendo ndi mawanga a pamapiko, n'kuyerekeza ndi buku. Njinga yanga yamoto inawonongeka. Chitumizeni kuno ndichione. Chikakhala cha mitengo yakufa, ndilemba kalata kuti adule umodzi wokhawo."

Naima anakhumba atangovala nkhwaira n'kuuyamba ulendo yekha. Koma akanati chiyani anthu a ku mzikiti, akanati chiyani apongozi? Anapempha mayi ake aang'ono, a Mwanamvua, amene ankamusamalira pa edapo. Anakulunga chikumbu chija m'kansalu, n'kuwapatsa.

"Mukawapatse m'manja, mayi. Musachitaye chonde."

"Ine kutaya chinthu? Ndinayamba kunyamula mazira pamutu iwe usanabadwe."

Ananyamuka Lachinayi m'mamawa wapansi, chifukwa kabaza kumeneko amapezeka mwamwayi. Tsiku lonse Naima anangozungulira m'mpanda. Anasesa posesasesa kale, anatsuka mbale zotsuka kale. Cha m'ma thili koloko foni inalira.

"Mayi Naima, chimene andibweretserachi n'chiyani?" Mawu a alangizi anali otopa. "Nyanga palibe, miyendo palibe, mapiko palibe, ngakhale mutu ndi khosi palibe. Andipatsa chimimba chokha m'bokosi la machesi. Sindingalembe kalata ya chinthu chimene sindinachione. Pezani china."

A Mwanamvua anafika mapazi ali mbuu, koma nkhope ili ya munthu amene wagwira ntchito yotamandika.

"Chinandivuta panjira, mwana wanga. Chimalira, chimakanda, chinaboola kansalu kaja n'kundiluma chala. Ndiye ndinachisadzula bwinobwino, monga timachitira ndi ziwala. Nanga mapiko ndi miyendo amadya ndani? Ndinkati ndiwapeputsire ntchito."

Naima anafuna kukalipa. Koma munthu wamkulu wayenda mtunda wonsewo ndi miyendo yotupa chifukwa cha iye, ungamunene chiyani? Anangowapatsa madzi akumwa.

Lachisanu anawachonderera kuti akasake china kumunda. Anapitadi, nakagogoda makungwa mpaka dzuwa linawawotcha, koma anabwera chimanjamanja. Amuna atatuluka ku mapemphero a Juma, Naima anatumiza mawu kwa amalume kuti adikireko sabata imodzi. Yankho linali lalifupi: nkhwangwa ananola kale.

Loweruka Naima anaimirira pachipata cha mpanda, dzanja lili pamtengo wotsekera. Kutsidya kwa dambo nkhwangwa zinayamba, go, go, go. Mtima wake unkathamangira komweko, koma mapazi anakhala pomwepo. Mtengo woyamba utagwa anati umodzi. Pofika wachisanu analeka kuwerenga, n'kukhala pansi.

Masana a Mwanamvua anatulukira atasenza mtolo wa chitenje. Anautula pamapazi pake mosayang'ana kumaso, n'kumasula. Munali timango tatiwisi, tating'ono ngati mazira a nkhuku, todzaza chitenje chonse.

"Kupatula wouma uja, inali itabereka yonse, mwana wanga," anatero. "Chaka chake choyamba."