Nkhanu za Pamtsinje Wouma

"Masulani ng'ombe, alamu, zimwe madzi!" anatero Yotamu ngolo itaima pamchenga, pakati pa mtsinje wouma.

Ankachokera kusiteshoni ya Balaka kupita ku Ulongwe. M'ngolomo munali mchere, shuga ndi nsalu za Khirisimasi, katundu yense wa kantini imene Blasius, mlamu wake wa Yotamu, anamanga ndi thukuta la kumigodi ya ku Wankie. Oyendetsa ngolo onse ankapumira pamenepo masana. Ankafukula mchenga, ng'ombe n'kumwa.

Koma Blasius sanakhudze goli. Nkhanu zinali kutuluka m'mauna n'kumakwera mtunda dzuwa lili pamutu. Apusi anali atachoka pamchenga, ali m'nsonga za mitengo, akulira moyang'ana kumapiri.

"Tikwere kumtunda. Madzi akubwera," anatero Blasius.

Yotamu anaseka uku akuvula nsapato zake zatsopano. "Achemwali, mwawamva amuna anu? Anakwera sitima, anadya buledi wa Azungu, lero akuthawa nkhanu!"

"Bambo, ng'ombe zatopa," anatero Elube, mkazi wa Blasius, ali pamwamba pa matumba.

Blasius anadziguguda pachifuwa. "Ine ndinaoloka Zambezi, ndinaoloka Limpopo ng'ona zikundipatsa moni! Nkhanu siyenda padzuwa pachabe. Mvula yagwa kumapiri. Alamu, kankhani ngolo!"

"Iyayi, ine ndimwe kaye," anatero Yotamu, nayamba kufukula kachitsime pamchenga.

Blasius analiza chikwapu. Ng'ombe zinakoka, koma gudumu linatitimira mumchenga. Elube anayang'ana apusi aja, anayang'ananso mwamuna wake. Anatsika, namanga nsalu m'chiuno, n'kuika phewa kungolo. Gudumu linazuka.

Atangofika pamtunda anamva mkokomo ngati sitima ya katundu.

"Yotamu, thawa!" anakuwa Elube.

Yotamu anadzambatuka pakachitsime kake, nakwera gombe chokwawa, osasiyana ndi nkhanu zija. Kumbuyo kwake madzi ofiira anadutsa atanyamula zipika ndi mbuzi yakufa. Pamene panaima ngolo panali thovu lokhalokha.

Yotamu anakhala pansi, maso ali pamapazi ake.

"Nsapato zanga..."

"Musadandaule, alamu," anatero Blasius akusisita ng'ombe pakhosi. "Zikafika ku Shire zitsikira ku Zambezi. Inu simunayendeko, bola nsapato zanu zikaone dziko."

Elube anaseka misozi ili m'maso. Yotamu anakankha ngolo pachitunda chilichonse osalamulidwa.

Khirisimasi isanafike, pachitseko cha kantini panajambulidwa nkhanu yaikulu yofiira. Wojambula wake anali Yotamu.