Malo a Wailesi

Foni ija inalira ili m'kabati ya zitsulo, momwe a Maloko anaiponya atangobwerako ku maliro. Iwo anali ataweramira kiyi wa munthu, akumupala ndi tupa, ndipo poyamba anayesa ndi khoswe. Italiranso anatsegula kabati. Inali foni ya Wailesi, mwana wawo amene anamuika m'manda mvula isanathe, ikuwala ngati diso pakati pa maloko akufa.

"Kachete!" anaitana. "Foni iyi ikuyaka bwanji? Moto wake ukanatha kalekale."

Kachete anatulukira pa chitseko cha kuseri osamveka mapazi. "Ndimaitchaja ndine, ababa."

"Kuti akuimbire ndani?"



Kachete ndi Wailesi anali mapasa, nkhope imodzi yogawana awiri. Anthu a mumsewumo ankawasiyanitsa ndi pakamwa pokha. Wina ankalankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, n'chifukwa chake anamutcha Wailesi. Winayu ukamufunsa kanthu ankayamba wayang'ana mnzake. Mayeso analembera limodzi. Wailesi anakhoza zonse, kenako mutu unamupweteka masiku owerengeka, n'kupita. Kachete masamu anamugwetsa.

A Maloko sukulu anaisiyira panjira, ndiye anapereka foni kuti mwana awawerengere uthenga umene unalowa.

"Akuti amutenga," anatero Kachete. "Mayunivesite awiri. Ina ndi iyi ya kuseri kwa njanji, ina ndi yakutali ija. Akuti asankhe imodzi, avomere sabata isanathe. Apo ayi, malo apatsa wina."

"Apatsa wina," anabwereza a Maloko, n'kulavula pansi. "Mwana wa bwana wina wa mimba. Wanga anawerenga mpaka maso kufiira kuti malo ake adye mwana wa mwini."

Za maliro a Wailesi sanakanene ku ofesi iliyonse. A Maloko ofesi ankaiopa kuposa mbava, chifukwa mbava ikalowa imathyola loko n'kuonekera kuti yaba, pomwe wa mu ofesi amakubera akukumwetulira. Choncho m'makina a anthu ophunzirawo Wailesi anali akadali moyo, ndipo chitupa chake chinali m'nyumba momwemo. Anayang'ana nkhope ya Kachete nthawi yaitali, monga ankayang'anira kiyi wosasula asanamuike pa makina.

Masana kunabwera mlongo wawo, telala wa pa khonde la sitolo, amene analera atsikanawo mayi awo atamwalira. Atamva zoti Kachete apite m'malo mwa Wailesi, anaika pansi thumba lake la nsalu.

"Achimwene, fumbi la zitsulo lakukwerani m'mutu?"

"Malowo ndi a m'nyumba muno. Bambo ndi mmodzi, nkhope ndi imodzi. Taba chiyani?"

"Mwaba dzina la wakufa."

"Wakufa alipanga nalo chiyani dzina? Akatsegulira chitseko chiti?"

"Ndiye vuto lanu limenelo. Mwasula makiyi moyo wanu wonse, mukuyesa mwana nayenso ndi kiyi, wina akatayika mungosula wofanana naye. Mlandu suola, achimwene."

"Wokwata kwa mphezi saopa kung'anima. Iwe ukasoka malaya a munthu, zidutswa zotsala umataya?"

"Mwanayu si chidutswa. Tamufunsani mwini wake."

Onse anatembenukira kwa Kachete. Iye anayang'ana pambali pake, pamene pankaima mnzake, kenako anati, "Ndipita, azakhali."

A Maloko anasankha yunivesite yakutali ija. Yapafupiyo munkalowa ana a makasitomala awo, anthu amene anaponya nawo dothi m'manda. Kachete anadina pa foni povomera, foniyo n'kunjenjemera kamodzi m'manja mwake. Azakhali ananyamula thumba lawo osatsanzika.

A Maloko sankapereka kiyi kwa munthu asanamuyese m'loko kangapo. Anachita chimodzimodzi ndi mwana. Dzina lenileni la Wailesi, la pa chitupa, silinatchulidwe m'nyumbamo chiikire maliro, koma tsopano anayamba kuliitana modzidzimutsa, Kachete akusesa kapena akuchapa. Masiku oyamba mtsikanayo ankangouma osatembenuka.

"Ukatero kumeneko akugwira!" ankakalipa. "Munthu amatembenukira dzina lake asanaganize. Tiyesenso."

Anayesanso ndi kuyesanso, mpaka mtsikanayo anayamba kutembenuka. Tsiku lina m'mawa analiitana ali pa benchi lawo, ndipo kuseri kunachokera yankho lokweza, loseka: "Eee, ababa, ndamva! Munthu asapume? Mwanditenga ngati ndine belu la pa geti!"

Tupa inagwa m'manja mwawo. Anakhala kaye osapuma, akuyang'ana chitseko cha kuseri. Amene analowa anali Kachete, manja ali thovu, mutu ataupendeketsa kumanzere.

"Ndakhoza?" anafunsa.

"Wakhoza," anatero a Maloko, n'kuwerama kufuna tupa imene inali pa phazi lawo pomwepo.

Anapita naye okha pa basi ku yunivesite kuja. Holo yolembetsera inali yaitali, yozizira, ya magetsi oyera amene amachititsa munthu wamoyo kuoneka wodwala. Ana anali pa mizere, makolo atakhala m'mbali pa mabenchi, onse akulankhula monong'ona ngati ku chipatala. A Maloko anakana kukhala. Anaima kumbuyo kwa mwana wawo, chipewa chili m'manja, akuwerenga nkhope za alonda.

Pa windo panali mayi wa magalasi. Anatenga chitupa, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuyang'ana mtsikana. Mayiyo anayasamula, n'kuloza kamera. Kuwala kunathwanima, makina n'kulavula kakhadi kotentha kokhala ndi nkhope ya wamoyo ndi dzina la wakufa.

"Saina apa."

Kachete anagwira cholembera ndi dzanja lamanzere. Wamanzere m'nyumba mwawo anali Wailesi. A Maloko zimenezo sanamuphunzitse, sanaziganizire n'komwe. Dzanjalo linayenda mosadodoma, n'kumaliza ndi kamchira kokwera m'mwamba.

Akuchoka pa windo, mtsikana wina wa tsitsi lolukidwa anakuwa kuchokera pa mzere wina, n'kuthamanga kudzamukumbatira. Anali mnzawo wa ku sekondale amene anasamuka mayeso atangotha.

"Wailesi! Ndinadziwa kuti akutenga, iwe mfiti ya masamu!" Kenako nkhope yake inagwa. "Pepa, mnzanga. Ndinamva kuti mmodzi wa inu anatisiya. Nditakuona pano ndadziwa kuti ndi Kachete. Pepani, bambo."



"Anapita," anatero mwana wawo, akusisita mnzakeyo kumsana. "Sanavutike. Ukumudziwa mmene analiri, ngakhale kufa anafa mwakachetechete. Tinazindikira mochedwa kuti m'nyumba mulibemo."

"Anali wabwino, mayi ine. Kungoti munthu sunkadziwa chomwe akuganiza."

"Panalibe chomwe ankaganiza," anatero, n'kuseka akudziomba pa ntchafu.

Kusekako kunamveka m'holo monse. A Maloko anagwira khoma.

Kosankhira maphunziro a chaka choyamba kunali m'kachipinda kopanda zenera. Mphunzitsi wa dazi anatembenuza kompyuta kuti aone onse. Anafotokoza kuti maphunziro ena ndi okakamiza, koma limodzi mwana asankhe yekha la kumtima kwake. Mtsikanayo anatchula masamu, ndi masamu ena apamwamba, ndi sayansi ya zamagetsi, osapumira.

"Nanga la kumtima?" anafunsa mphunzitsiyo. "Pali zilankhulo, pali nyimbo, pali zojambula."

A Maloko anawerama. Zikwangwani zonse za pa shopu yawo, kiyi wamkulu wa pa khoma ndi loko woseka uja, anajambula ndi Kachete.

"Tenga zojambulazo, mwana wanga," ananong'ona. "Chimodzi chokha chikhale chako."

"Ine sindijambula, ababa. Mwaiwala? Ankajambula ndi malemu." Anatembenukira kwa mphunzitsi akumwetulira. "Muwakhululukire, akutisokonezabe. Ndiikireni la kulankhula pa gulu."

"Zimachitika," anatero mphunzitsiyo mwachifundo, n'kudina.

Ku nyumba yogona atsikana anamupatsa chipinda cha mabedi awiri. Bedi linalo linali lopanda munthu, matilesi ake ali mbee. A Maloko anaika chikwama pansi n'kutseka chitseko. Anayesa loko, chizolowezi, n'kupeza ndi wachabechabe.

"Kachete," anatero.

Mtsikanayo anapitiriza kupachika zovala.

"Kachete. Muno tili awiri. Palibe akumva."

Sanatembenuke. Sanali kuchita mwano. Mapewa ake sanagwedezeke n'komwe, ngati mawuwo apita kwa munthu wa chipinda china. A Maloko anatchula dzina lina lija.

"Eee, ababa?"

"Tiye tizipita kwathu. Azakhali ako ananena zoona. Ulembanso masamuwo, ndikupezera wokuphunzitsa. Tenga chikwama."

"Kwathu ndikatani? Muno aliyense wandipatsa moni. Kuja ndinakhala zaka zonse zija, ndani anandifunsapo kanthu? Ngakhale inu munkati mukafuna kudziwa ngati ndadya, mumafunsa mnzanga." Anakhala pa bedi lopanda munthu lija n'kulisisita. "Madzi akatayika saoleka. Ndipo pali china. Manda aja alibe mwala. Mukamakaika, mukalembe dzina la Kachete. Anthu amawerenga miyala, ababa. Wina akajambula ndi foni, zonsezi zatha, ine ku ndende, inu ku ndende."

"Ndilembe dzina la mwana wamoyo pa manda?"

"Inu munati wakufa alibe nalo ntchito dzina. Nanga amene salankhula ali nalo ntchito yanji?"

A Maloko anatuluka. Anayenda mofulumira kubwerera ku holo, mawondo akulira, akukonza mawu m'mutu. Anena zonse. Amange iwo, mwana amusiye. Mizere inali itatha, mabenchi ali okhaokha, ndipo mayi wa magalasi uja anali akutsitsa chotsekera cha windo.

"Bambo, mwaiwala kanthu?"

"Za mwana uja ndinabwera naye."

"Wamaliza ameneyo, zonse zalowa m'makina. Mwana wochangamuka. Pali cholakwika?"

A Maloko anacheuka. Kumapeto kwa holo, pansi pa getsi lothimathima, panaima mtsikana, manja m'chiuno, mutu utapendekera kumanzere. Anali kutali, koma anamudziwa. Anali mwana amene anamulira mpaka mawu kutha, ali chiimire, wamoyo, akuwadikira amve chomwe anene. Anafunafuna winayo pambali pake, pamene ankaima nthawi zonse. Panali khoma.

"Palibe," anatero.

Chotsekera chinatsika.

Patapita masabata angapo a Maloko anapita kwa mmisiri wosema miyala ya kumanda, amene shopu yake inali kumapeto kwa msewu wawo womwewo. Dzuwa linali pamutu. Mmisiriyo anapukuta mwala ndi chinsanza n'kutenga choko.

"Tinene dzina, a Maloko, ndilembe kaye ndi choko muone."

Anatchula dzina la pa chitupa la Kachete, pang'onopang'ono, monga anamutchira tsiku lobadwa. Mmisiriyo analemba zilembo zoyamba, kenako choko chinaima.

"Koma akulu, si uyu ankakuthandizani kusesa pa shopu posachedwapa? Ine ndimayesa tinaika wolongolola uja."

"Munkawasiyanitsa inu?"

Mmisiriyo anakanda m'mutu. "Kunena zoona, ayi."

"Ndiye lembani zomwe ndanena."

Mmisiriyo anamaliza ndi choko, n'kutenga tchizulo ndi hamala. A Maloko sanachoke. Anakhala pa mwala wina wosalemba, chipewa chili pa maondo, kumvetsera chilembo chilichonse chikulowa.