Marozi Anga Sapita Kumanda

Kwathu kuno kumapiri a Ntchisi, duwa lili ndi ntchito imodzi basi, kuperekeza maliro. Munthu akamwalira, amayi amanyamula beseni ndi malezala n'kuyamba kuzungulira khomo ndi khomo, kudula duwa lililonse lomwe aliona kuti akaluke nkhata zoika pamanda. Sapempha ayi. Amangoti, "Odi kuno, tabwerera maluwa," uku manja ali kale mumpanda. Ndipo palibe amene amakana, nanga munthu wokaniza maluwa a maliro tingamutche chiyani? Ine Rebeka ndinakana, ndipo amene akudikira kuti ndikapepese ayambe wakhala pansi, miyendo ingamupweteke.

Amuna anga a Yeremiya, bambo a Madalo, anali mlimi wa fodya, munthu wosaona nzeru pa chinthu chimene sichidyedwa kapena kugulitsidwa. Titangokwatirana ndinadzala timaluwa m'mbali mwa khonde, iwo anabwera ndi khasu n'kutizula tonse, pamalopo anafesa mpiru. Nditadandaula anandifunsa kuti, "Kodi maluwawa mudzawathira tomato?" Ndinawakwiyira sabata yathunthu, koma mpiruwo ndinadya nawo.

Chaka chathachi matenda ofa ziwalo anawagwetsa ali m'chigafa, akusanja fodya. Mbali yonse yakumanja inafa, mawu anathawa. Koma mutu uli bwinobwino, amamva chilichonse. Izi n'zimene anthu safuna kumvetsa. Amabwera kudzazonda, n'kukhala pamphasa moyang'anana nawo, koma funso n'kuponyera ine: "Akudya koma? Usiku akugona?" Ngati munthuyo ndi thumba la chimanga loimikidwa pampando. Ndimawasambitsa m'mawa, ndimawakhazika pakhonde, ndipo tsiku lonse amayang'ana bwalo losesa, dothi lofiira ndi nkhuku. Munthu amene ankayenda wapansi mpaka ku Chisepo kukaona ng'ombe. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo ndinkakalirira kuseri kwa bafa kuti asandione.

Tsiku lina kunabwera Ruksana, mnzanga amene ali ndi golosale pafupi ndi msika wa pa Boma. Iyeyo amapereka moni kwa wodwala mwiniwake, m'maso muli gwa, n'chifukwa chake ndimamukonda. Tikucheza anatulutsa foni kuti andionetse nsalu zimene amaoda ku Lilongwe, ndiye popitiriza zithunzi pa Fesibuku panatulukira tsamba la anthu ogulitsa mbande za maluwa. Tinangomva a Yeremiya akubuula. Tinadzidzimuka, kuyesa kuti matenda abwereranso, koma ayi, chala chawo chakumanzere chinali chikuloza foni. Ruksana anawayandikizira. Pagalasi panali rozi lofiira, lalikulu ngati kabichi wamng'ono, ndipo chalacho chinagogoda pomwepo, n'kugogodanso.

"Inu?" ndinawafunsa. "Inuyo bambo a Madalo, ozula maluwa aja? Lero mwapeza tomato wothira?"

Anaseka ndi theka la kamwa, misozi ikutsika. Chigwereni m'chigafa muja anali asanapemphepo kanthu kalikonse, ngakhale madzi. Ndinauza Ruksana kuti aode pompo.

Kugula zinthu pafoni kumafuna mtima wolimba. Ruksana analembera anthu a nazalewo pa Watsapu, iwo anafunsa ngati pakhomo pamafika dzuwa komanso ngati madzi alipo, tinalipira pafoni pomwepo, ndiye anati katundu amukweza minibasi ya ku Mponela, kumeneko kondakitala amusinthira ina. Inali nthawi ya mvula, msewu uli phala. Katoniyo inafika itanyowa, itaphwanyika mbali imodzi, ikununkha usipa. Nditatsekula ndinapeza timitengo tisanu m'machubu akuda, topanda duwa, topanda tsamba. Ndinati basi, andibera anthu a m'tauni. Ruksana anawaimbira ine ndikutukwana chapambali, mtsikana wa kumeneko n'kuyankha mosatekeseka kuti marozi amayenda choncho, odulira. Anati ndikumbe maenje olekeza m'bondo, ndithire manyowa akale a m'khola, ndipo mfundo imene anamezanitsira isakwiririke.

Ndinadzala kutsogolo kwa khonde, pamene maso a bambo amagwera. Kamodzi kanadyedwa ndi chiswe ndisanadziwe zothira phulusa. Kena mbuzi ya oyandikana nafe inakamweta mpaka pansi, ndipo zimene ndinauza mwini mbuziyo sindingazibwereze pano. Titatu tinagwira. Mvula itatha ndinkatsika kumjigo kukatunga madzi a m'nyumba, n'kutsikanso kukatunga a marozi, phiri lathu lija, msana ukulira. Pamjigo ankandinena ndikumva: "Amayi a Madalo mutu wazungulira. Mwamuna ali gone, iwo akulera timitengo." Ndinkangotwika ndowa yanga n'kudutsa pakati pawo.

Masamba anatuluka, kenako timitu ta maluwa. A Yeremiya anayamba kukana kulowa m'nyumba. Ngakhale nkhungu itatsika m'phiri, mphepo ya mwezi wa Julaye ikulowa m'mafupa, ndikati ndiwanyamule ankaumitsa thupi. Ndinkangowafunditsa bulangete n'kuwasiya akulondera munda wawo. Timitu tija tinayamba kung'ambika, kufiira kukusuzumira, ndipo m'sabata imene maluwa anatsekuka bwinobwino, ofiira mitengo iwiri ndi achikasu mtengo umodzi, a Festus anamwalira.

A Festus anali mkulu wa mpingo wathu, munthu wabwino, sindinganame. Ana awo ali m'maofesi ku Lilongwe, ndiye aliyense ankadziwa kuti kubwera magalimoto ndi anthu a masuti. Vuto linali lakuti m'chilimwe maluwa amasowa. M'mudzi monse munali timaluwa tofota ta m'mipanda, todzaza fumbi. Ine ndinalawirira kusiwa ndi ufa wanga ndi mtolo wa nkhuni, ndinalira nawo, ndinaimba nawo, kenako ndinabwerera kunyumba kuti ndikamwetse bambo phala. Ndili pakati powamwetsa ndinaona amayi anayi akulowa pachipata, kutsogolo kuli amayi a Godwin, amene amatsogolera amayi a kumpingo kwathu, beseni lili m'chiuno.

"Odi kuno, tabwerera maluwa."

Wina anali atawerama kale pa mtengo wachikasu, lezala ili m'manja.

"Siyani," ndinatero.

Anaweramuka n'kundiyang'ana ngati ndayankhula Chitchaina. Amayi a Godwin anamwetulira. "Amayi a Madalo, ndi a maliro. A Festus."

"Ndikudziwa, ndachokera komweko. Kuseri kuli mpanda wa maluwa apepo, kaduleni wonse, ngakhale ndi mizu yomwe. Awa ayi."

"Apepowo tadzaza nawo kale beseni. Kubwera alendo aulemu, mukufuna akatione ngati anthu osadziwa kuika munthu? Mudzi wonse uno maluwa enieni ndi awa."

"Awa ali ndi mwini wake," ndinatero, "ndipo mwini wakeyo ndi uyu ali apayu. Afunseni."

Palibe amene anatembenuka kuwayang'ana. Amayi a Godwin anatula beseni pansi n'kukonza chitenje, monga amachitira akafuna kulalikira. Anatsitsa mawu, koma osati mokwanira.

"Mnzanga, ndikulangizeni ngati mkulu wanu. Duwa ndi chinthu chofota, mawa lomweli lidzayoyoka. Koma anthu sayiwala. Inu muli ndi wodwala pakhomo, ndipo tonse tikuona mmene zinthu zilili. Tsiku lanu silili patali. Tsiku limenelo mudzafuna amayi omwewa kuti akulukireni nkhata. Mudzatiyang'ana ndi maso ati?"

Ndinayang'ana amuna anga. Phala linali likutsikira pachibwano, ndipo maso awo anali atagwa pansi. Anamva liwu lililonse. Mayi uyu anawawerengera masiku pakhonde pawo pomwe, iwo ali pampando, bulangete lili m'miyendo. Ndinapsa mtima mpaka m'makutu munalira. Koma ndinachitanso mantha, ndisabise. Kumudzi munthu suika wekha maliro, ndipo amayi amenewa ndi amene ndimapemphera nawo, ndimapalira nawo, ndinabereka ana iwo atandigwira manja.

Ndinadziwanso chinthu china. Ngakhale nditawathamangitsa, masana ndinayenera kubwerera kukaperekeza a Festus kumanda. Ndikangotuluka pachipata wina adzalowa ndi lezala, n'kudula duwa limodzilimodzi bambo akuonerera, osatha kudzuka, osatha kukuwa. Ndipo palibe amene adzachitche kuba.

"Ndipatseni lezalayo," ndinatero.

Amayi a Godwin anapumira m'mwamba. "Mwaonatu. Ndimadziwa kuti ndinu munthu wa Mulungu."

Ndinatsika pakhonde n'kudula ndekha. Duwa lililonse ndinkalidziwa, ndinkadziwa ndowa zimene linamwa. Ndinadula ofiira onse, achikasu onse, ndi timitu tomwe tinali tisanatsekuke, kuti pasatsale chobwerera munthu. Mayi wina anandiyandikizira beseni. Ndinalilambalala, ndinakwera pakhonde, ndinagwada, n'kuika maluwa onse pamiyendo pa amuna anga.

"Mayo ine," wina anatero chapansipansi, atagwira pakamwa. Kwathu kuno munthu wamoyo saikidwa maluwa pathupi. Ndi malodza, n'kumuitanira imfa.

"Mwapenga kodi?" anatero amayi a Godwin. "Mukuwaika m'manda ali moyo?"

"Mwawaika ndinu, pompano, ndi pakamwa panu," ndinayankha ndili chigwadire. "Mwati tsiku lawo lili pafupi. Chabwino. Nkhata yawo alandira lero, akuiona ndi maso awo, akuinunkhiza ndi mphuno yawo. Tsikulo likadzafika musadzavutike ndi beseni, mudzangobwera ndi nyimbo. Ngati nyimbonso zidzakulemereni, ndidzaimba ndekha, mawu ndili nawo."

Amayi a Godwin anakwera pakhonde osavula nsapato. Kaya ankafuna kuchotsa malodza, kaya ankafuna kudzaza beseni, mwina zonse ziwiri, ine sindidziwa. Anatambasula dzanja n'kugwira maluwawo chakumitu kuti awanyamule.

Maluwawo sananyamuke. Dzanja lakumanzere la a Yeremiya, dzanja limene linkalephera kugwira supuni osagwetsa, linali litafumbata mapesi onse pamodzi. Amayi a Godwin anakoka pang'ono. Bambo anafinya kwambiri. Marozi ali ndi minga yaukali, ndipo tonse tinaona magazi akutuluka pakati pa zala, kutsikira pamkono, kudontha pabulangete. Sanabuule. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana amayi a Godwin m'maso, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire matendawa, mayiyo anawayang'ananso.

"Bambo a Madalo," anatero, mawu atachepa. "Pepani."

Anasiya maluwawo, anatsika, anatola beseni lawo. Amayi onse anayi anatuluka pachipata mondondozana, popanda wotsanzika.

Ndinathamanga kukatenga madzi ofunda ndi kansalu. Nditabwerera ndinagwadanso n'kuyesa kutambasula zala zawo chimodzichimodzi kuti ndizule minga.

"Apita," ndinawauza. "Tasiyani tsopano, ndi ine Rebeka. Ndikawaika m'botolo la madzi, akhala pambali panu pomwepa."

Anapukusa mutu. Anakweza dzanja lija pang'onopang'ono, magazi ali chuchuchu mpaka pachigongono, n'kukwirira nkhope yonse m'maluwamo. Ndinawamva akukoka mpweya wautali. Kusiwa anali atayamba nyimbo yonyamulira bokosi, ndipo ine ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, kansalu kali m'manja, kudikira kuti amalize.