Batire Kunsi kwa Bedi la Apongozi

Mayi wa m'nyumbamo ankachapa nsalu za apongozi ake pamene anamva woyendera za chitetezo akugogoda khomo loyandikana ndi lawo m'nyumba yosanja imene ankakhala. Pabalaza, batire ya njinga yamagetsi ya amuna ake inali ikutchajidwa.

Lamulo latsopano aliyense ankalidziwa: mabatire azitchajidwa kushedi ya panja, ndi tchaja chovomerezeka. Wopezeka akutchajira m'nyumba amalandidwa njinga. Koma tchaja cha bambowa chinali cha kumsika, chopanda ndi dzina lomwe, ndipo njingayo ndi imene ankaperekera katundu m'tauni kuti pakhomo adye.

Bambo uja anakwakwaza batire mpaka kuchipinda cha amayi ake, amene anali chigonere chiwagwireni sitiroko. Anaikankhira kunsi kwa bedi, n'kuilumikizanso pasoketi ya kuseri, n'kuifunditsa bulangete kuti kanyali kasaoneke. Mantha anali nawo, koma kuti batire iphonye mphindi khumi zodzaza, ayi ndithu.

"Mayi a ana, pakamwa potseka," ananong'ona.

Woyendera uja anali mzimayi wosafulumira. Soketi iliyonse ankaiyang'anitsitsa ngati akusankha tomato. Atafika kuchipinda cha odwala anaima pakhomo mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, agogo? Sindikusokonezani, ndingolemba zanga pano."

Ndi pamene mayi uja anamva fungo lachilendo, lotsekemera ngati guluu. Kenako kaphokoso, tsiii, kuchokera kunsi kwa bedi.

"Chikununkha n'chiyani?" anafunsa woyendera.

"Ndi mankhwala opaka a amayiwa," anatero bambo, akuseka chiseko chouma.

Apongozi sankatha kuyankhula. Maso okha anali pa mpongozi wawo, dzanja limodzi lomwe linkagwira ntchito likukanda shiti. Kutentha ankakumva kumsana. Mayi uja ndi amene ankawasambitsa m'mawa uliwonse, ndipo ankadziwa kuti kuwadzutsa pabedipo pamafunika anthu awiri ndi nthawi. Anayang'ana amuna ake. Iwo anapukusa mutu pang'ono, momuchonderera. Anawamvera chisoni, komanso anapsa mtima kwambiri.

"Batire ili kunsi kwa bedi," anatero mayi uja. "Bambo a ana, nyamulani amayi anu."

"Musaigwire! Tulukani nonse!" anakuwa woyendera, akuthamangira kukazimitsa magetsi.

Apongozi aja anawabereketsa kumsana kwa mwana wawo, mayi uja atagwirira miyendo yolendewera. Akutsika masitepe anamva phuu! Utsi wakuda unawatsatira m'khonde.

Panja, ozimitsa moto ali mkati mwa ntchito, woyendera anamanga unyolo panjinga. Bambo uja anakhala pansi, amayi ake atawatsamiritsa pachifuwa.

"Ndiye mawa tidya chiyani?" anafunsa, osayang'ana mkazi wake.

Mayi uja anafuna kudzuka akapemphe madzi kwa aneba, koma analephera. Dzanja lija la apongozi linali litamugwira pamkono zolimba, ndipo silinamusiye.