Msonkho wa Mkamwini

Ntchito yake inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo pamsewu sankaopa kanthu. Wophunzira ankatha kulunjika ngalande iye ali phee, phazi lili pa mabuleki a mbali yake. Zomutulutsa thukuta zinali ziwiri zokha: fomu ya msonkho ndi apongozi ake.

Chaka china zonse zinafikira pamodzi. Apongoziwo, mayi wamtali wosaseka wamba amene anapuma ntchito ku ofesi ya msonkho, anabwera kudzakhala nawo atachitidwa opaleshoni ya ng'ala. Chikwatirireni mwana wawo, mkamwiniyu ankakhulupirira kuti mayiwo amamuona ngati munthu wongozungulira tauni ndi chigalimoto chokalamba. Moni ankapatsana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Loweruka lina masana anayala mapepala patebulo la pabalaza n'kuyamba kudzaza monga mwa masiku onse: kulemba zonse zimene wapeza, kuchotsapo za mafuta, basi. Anausa moyo mokweza osadziwa. Apongozi, amene anali pampando wapakona atavala magalasi akuda, anamuuza kuti awawerengere zimene walemba, poti maso anali asanayambe kuwalola.

Anawerenga ngati mwana wasukulu amene sanakonzekere. Atamaliza, mayiwo anamufunsa funso.

"Mabuleki achiwiri aja munaikitsa mbali yanu, anakulipirirani ndani, bambo?"

Anayankha kuti analipira yekha. Kenaka mayiwo anamufunsanso za matayala amene ophunzira amang'amba akakhula m'mphepete mwa msewu, za inshuwalansi yodula ya galimoto yophunzitsira, ndi za maphunziro a thandizo loyamba amene anakachita wophunzira wina atakomoka pachiwongolero. Anamufotokozera kuti zonsezo zinalowa pantchito, choncho zimayenera kuchotsedwa msonkho usanawerengedwe. Anamukumbutsanso za kachipinda kakuseri kamene amaphunzitsiramo zikwangwani za pamsewu, ndi kangachepe kamene ankapereka mwezi ndi mwezi kusukulu ya ana osamva.

Apa mkamwini anaika cholembera pansi. Za sukuluyo anali asanauzepo munthu kupatula mkazi wake.

Mkaziyo, atatsamira chitseko cha kukhitchini, anaseka n'kuulula kuti amayi ake akaimba foni safunsa n'komwe za mwana wawo. Amangofunsa ngati galimoto yadzuka bwino komanso ngati bambo akupuma mokwanira. Apongozi anamuuza kuti asiye kulongolola, akathandize kufunafuna malisiti.

Malisitiwo anali ponseponse, m'galimoto, m'matumba a jekete, ndipo pa ena mwana wamng'ono wa banjali anali atajambulapo amphaka. Chilichonse chopanda lisiti mayiwo anakana kuti chilembedwe. Mkamwini atayesa kuikapo nsapato zatsopano, ati poti ndi zimene amapondera mabuleki, anamuyang'anira pamwamba pa magalasi mpaka anafufuta yekha. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka, kuseka kwapansipansi kogwedeza mapewa.

Msonkho wa chaka chimenecho unatsika kwambiri moti anatha kukonzetsa injini imene inakhala ikutsokomola kwa nthawi yaitali. Tsiku limene galimoto inatuluka kugalaja, anapeza apongozi akuwothera dzuwa pakhonde, magalasi akuda atavula. Anakhala pamasitepe pafupi nawo. Mawu onse amene anakonza m'njira anabalalika, ndipo anangothokoza mobwerezabwereza ngati munthu wachibwibwi.

"Amayi, ine ndinkayesa simundiwerengera," anatero pomaliza.

"Munthu woleza mtima ndi ana a eni tsiku ndi tsiku, n'kuwabweza kwawo ali amoyo? Ine pakamwa mpolemera chabe, bambo. Maso ndinali nawo, ngakhale anali a ng'ala."

Mkamwini anayang'ana kumbali. Atafunsa chimene angawachitire, mayiwo anayamba azengereza, kenaka ananena motsitsa mawu kuti malemu amuna awo sanawalolepo kugwira chiwongolero, ndipo adokotala anena kuti maso tsopano ali bwino.

Anayamba kuwaphunzitsa Lolemba lotsatira, pabwalo lopanda anthu kuseri kwa sitolo ina. Galimoto inadumpha ngati chule n'kuzima, inadumphanso n'kuzimanso. Apongozi anapukuta manja pa siketi, nafunsa mwaulemu ngati aphunzitsi akwiya. Iye anati ayi, ayambirenso, nthawi ilipo yambiri.