Bokosi la Mzere Wofiira

"Bokosi ili lafika bwanji muno?"

Telala anatembenuka, mpeni uli m'manja, anyezi atamudula theka. Wofunsayo anali mayi wamagalasi wa ku fakitale ya nsomba kumene malemu mwamuna wake ankayendetsa lole. Anabwera kudzapepesa maliro, koma ataona kuti kukhitchini manja akuchepa anavula jekete n'kuyamba kuthandiza. Tsopano anali ataima pa firiji yaikulu ya kuseri kwa chitseko, dzanja limodzi litagwira chivundikiro, nthunzi yozizira ikumukwera kumaso.

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro, ndipo pabalaza panali padakali alendo ofunika kudya. Telala anayankha mosalabadira kuti imeneyo inali mphatso ya kuntchito. Kwa zaka ziwiri, Lachisanu lililonse, malemu ankabwera ndi bokosi limodzi n'kunena kuti mabwana amagawira madalaivala. Zinali nsomba zikuluzikulu za m'nyanja, mnofu wokhawokha, zoti ndi malipiro awo sakanazilota n'komwe.

Mayi uja ananyamula bokosilo n'kuliika patebulo. Anapala madzi oundana ndi chikhatho, ndipo panaonekera mzere wofiira wochoka pangodya ina kufika pa inzake, pansi pake pali nambala yolemba pamanja.

"Mzere uwu ndinalemba ndine," anatero. "Ntchito yanga ndi kuyeza nsomba zisanapite kumsika. Zikalephera ndimazilemba chonchi, ndiye lole imapita nazo kudzenje kukazikwirira. Lole yake inali ya amuna anu."

Anatseka chitseko cha kukhitchini n'kufotokoza motsitsa mawu. Kumtunda kwa mitsinje yothira m'nyanja kuli mafakitale ndi migodi yotayira zonyansa m'madzi, ndipo m'zonyansazo muli mekyule ndi mtovu. Tinsomba timameza, nsomba zazikulu zimameza tinsombato, poizoni n'kumaunjikana mumnofu chaka ndi chaka. Sanunkha, sawawa pakamwa, ndipo kaya ukazinge kaya uwiritse tsiku lonse, sachoka. Amalowa m'thupi pang'onopang'ono mpaka kukafika ku ubongo. Manja amachita dzanzi, munthu amayenda ngati waledzera, maso amayamba kuona zakutsogolo zokha, za m'mbali osaziona.

Telala anaika mpeni pansi. Anakumbukira makapu amene malemu anaswa chaka chimenecho, mabatani a malaya amene ankachita kumumangira m'mawa, ndi manong'onong'o a anthu oyandikana nawo akuti bambo uja wayamba kachasu mobisa. Nayenso anafikapo pomununkhiza mkamwa. Kenako inabwera ngozi ija: lole kukagunda chipilala cha mlatho dzuwa lili paliwombo, msewu wowongoka ngati ulusi.

"Nanga mwana, amadya nawo?" anafunsa mayi uja.

Telala anayang'ana pawindo. Mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene bambo ake anamupatsa dzina loti Kabatani chifukwa cha kamphuno kake, anali pakhonde akulimbana ndi zingwe za nsapato. Ankati akagwira chingwe, chimapulumuka. Aphunzitsi anali atalembera kale kawiri kuti mwanayu akugwetsagwetsa pensulo, ndipo zilembo zake, zimene kale zinali zoima bwino, tsopano zikungonjenjemera.

Tsiku limenelo alendo anadya masamba ndi mazira.

Madzulo anthu atabalalika, panatsala mkulu wake wa malemu ndi mkazi wake, akusonkhanitsa mipando yobwereka. Mkuluyu anali ndi kanyumba kodyera pafupi ndi depoti ya mabasi, kotchuka ndi nsomba yokazinga yotsika mtengo. Telala anabweretsa bokosi lija n'kuliika pakati pa tebulo, mzere wofiira uli poyera.

Ankayembekezera kuti mlamu wake adabwa. Sanadabwe. Anangoyang'ana madzi amene anayamba kudontha pansalu ya patebulo n'kunena kuti alibwezere mufiriji lisanasungunuke.

"Mukulidziwa bokosili, alamu?"

Bamboyo anakhala pansi, n'kupukuta thukuta ndi chipewa. Anati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo mng'ono wake sanali woyamba kutola zotayidwa kuntchito. Makampani amakwirira chakudya chabwinobwino chifukwa cha manambala a papepala, anthu kunja kuno akugona ndi njala. Iye anakazinga nsomba zomwezo zaka ziwiri, mabokosi asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo sanaonepo munthu atagwa pabenchi yake. Kenako anatsitsa mawu. Nkhaniyi ikatuluka, kampani idzati malemu anali wakuba, ndipo chipepeso chimene inalonjeza chidzathera pomwepo. Kanyumba kake kodyera adzakatseka. Chibale ndi fupa, anatero, sichiola, choncho zimenezi zithere m'nyumba momwemo.

Mkazi wake, poona nkhope ya Telala, anafuna kuthira madzi pamoto. Anamugwira paphewa.

"Komatu ife tinkayesa mukudziwa, mlamu. Ife kwathu ana sitinkawapatsa. Bambo awo analetsa kuyambira tsiku loyamba."

Mwamuna wake anamuponyera diso, koma mawu anali atatuluka kale.

Telala anachotsa dzanja lija paphewa pake, pang'onopang'ono, ngati akuchotsa nsalu yonyowa. Anakumbukira Lamlungu lililonse limene banjali linkabwera kudzadya kwawo. Ana awo atatu ankakankha mbale n'kunena kuti nsomba imawayabwa, iye n'kumaseka kuti ana a mwini lesitilanti ndi onyada. Ndiye ankatenga nthuli yonona ija, n'kuichotsa minga bwinobwino, n'kuiika m'mbale ya Kabatani. Anthu awiriwa ankakhala pamipando yomweyi, akutafuna, akumuyamikira kaphikidwe.

"Ndiye kuti munkandiyang'ana ndikumudyetsa."

Mlamu uja anayamba kuikira kumbuyo mng'ono wake. Anati poyamba malemu sankadziwa kuti n'zoopsa chotero, ankangoti n'zokhwimitsa malamulo chabe. Koma miyezi inayi yapitayo kuntchito kunabwera dokotala kudzaphunzitsa za mekyule, ndipo atamva zizindikiro zake anadzizindikira yekha. Kuyambira tsiku limenelo sanatengenso bokosi ngakhale limodzi, mpaka awiriwo anakangana. Malemu anabwera kwake, anatero, akulira ngati mwana.

"Analira kwa inu," anatero Telala. "Kwa ine anati kampani yasiya kugawa."

Apa ndi pamene zinamuwawa kwambiri, chifukwa zinthu zambiri zinayamba kumveka. Mufiriji munali mutatsala mabokosi anayi, ndipo iye, poona kuti mphatso yatha, anayamba kusinira. Yekha ankadzimana kuti nsomba ikhale ya mwana. Tsiku lina anapeza firiji itazulidwa kukhoma, malemu n'kunamizira kuti anapunthwa pa waya, ndipo iye anathamanga ndi mabokosi pamutu kukasungitsa kwa anzake kuti asaonongeke. Pakudya malemu anayamba chizolowezi chotola nsomba m'mbale ya mwana n'kuiponya mkamwa, amvekere umenewo ndi msonkho wa adadi. Kabatani ankalira, Telala n'kumakalipa kuti munthu wamkulu asamalande za mwana, kenako n'kumuwonjezera mwanayo ina. Mwamuna amene anagona naye chipinda chimodzi zaka khumi analolera kumeza poizoni tsiku ndi tsiku kusiyana n'kutsegula pakamwa n'kunena kuti, mkazi wanga, ndinkaba, ndipo zimene ndinkabazo zikutipha.

Telala ananyamula bokosi lija n'kunena kuti mawa m'mawa apita nalo kuchipatala limodzi ndi mwana, ndipo akamufunsa kumene linachokera ndi kumene ena ankapita, anena.

"Mukufuna kumuvula malemu pagulu, dothi la pamanda lisanaume?"

"Wakufa sachita manyazi, alamu. Amene akugwetsa pensulo ndi wamoyo."

Anawauza kuti mipando aisiye, aibweza yekha. Anawatsegulira chitseko n'kuima pambali mpaka anatuluka.

M'mawa mwake anapeza mayi wamagalasi uja akudikira pageti la chipatala, envulopu ili m'manja. Anati walemba lipoti lopita kwa oyang'anira zaumoyo, ndipo m'lipotimo wadzinenanso yekha, chifukwa kwa zaka ziwiri ankasaina kuti nsomba zakwiriridwa osapondako kudzenjeko ngakhale kamodzi. Ntchito mwina imuthera. Telala sanamuthokoze, sanamukalipirenso. Anangomupatsa bokosi kuti anyamule, iye n'kugwira dzanja la mwana.

Anatenga kapepala ka nambala pakhomo n'kudikira pabenchi mpaka anawaitana m'chipinda chachisanu ndi chiwiri. Namwino anamva nkhani yonse osadula mawu. Anawatenga magazi onse awiri, kenako anati akufunanso katsitsi pang'ono ka kunkhongo kwa mwana, poti tsitsi limasunga zimene zalowa m'thupi kwa miyezi yambiri. Atatulutsa sizasi, Telala anamugwira mwana mapewa poganiza kuti achita mantha.

"Sizipweteka, amama," anatero Kabatani m'kalankhulidwe kake kokoka mawu. "Adadi anandidulapo kale. Anaika m'chikwama mwawo. Anati ndisanene."

Chikwamacho chinali m'thumba mwa Telala, m'kapulasitiki komwe apolisi anamupatsira pamodzi ndi wotchi yosweka, ndipo anali asanachitsegule. Anachitulutsa. Kuseri kwa laisensi kunali kapepala kopindidwa kanayi. Mkati mwake munali kamtolo ka tsitsi kochepa ngati njere ya nyemba, komangidwa ndi ulusi wobiriwira wa pamakina osokera a Telala. Papepalapo panali dzina lenileni la mwanayo, tsiku lake lobadwa, ndi mawu akuti chipinda 7, zonse m'zilembo zazikulu zokhotakhota za munthu amene dzanja silikumumveranso. Munalinso timapepala ta nambala titatu, tofanana ndi kamene Telala anatenga pakhomo m'mawawo, ta masiku atatu osiyana. Palibe ngakhale kamodzi kamene kanadindidwa, monga amachitira munthu akalowa kwa namwino.

Namwino anafunsa ngati angayezenso limenelo, poti lingathandize kuona mmene zinalili miyezi yapitayo. Telala anagwedeza mutu movomera n'kupereka kamtolo kaja. Pepala anatsala nalo. M'mizere yopindira linali litafewa ngati nsalu yakale chifukwa chotsegulidwa n'kutsekedwa kambirimbiri, ndipo pamalo pamene linayamba kung'ambika, pafupi ndi dzina la mwana, malemu anali atamatapo kaselotepi mosamala kuti chilembo chilichonse chisatayike.